Njira ndi phazi

Ndisaname, abale anga, tsiku limene ndidagula galimoto yanga yoyamba ndidalumbira mumtima kuti za kuyenda wapansi ndathana nazo. Ndidali nditayenda mokwanira. Kwathu ku Dedza sukulu ya pulayimale idali mtunda wa ola lathunthu kuchokera kunyumba, chigayo chidali kutsidya kwa mitsinje iwiri, ndipo wopita kuchipatala ankanyamuka tambala woyamba akangolira kuti akapeze malo pamzere. Kwa ife amene tidakula chotero, kuyenda wapansi ndi dzina lina la umphawi. Munthu wongoyendayenda m'thengo, nkhwangwa alibe, mbuzi sakutsata, wamtuma palibe, timati mutu wake sukuyenda bwino, apo ayi ali ndi zake zausiku.

Tsono mutha kumvetsa m'mene ndidadabwira nditapita ku Norway kukawonjezera maphunziro. Kumeneko ndidapeza anthu okhala ndi magalimoto awiriawiri pakhomo, koma Lamulungu likafika amasiya magalimotowo, n'kubereka zikwama kumsana, ulendo wa kuthengo, ana ndi agogo omwe. Ukawafunsa kuti akukatani kumeneko, amayankha kuti akukayenda. Basi, kukayenda! Ine ndinkangoti mumtima, anthu awa akhuta.

Ndinkachita lendi chipinda m'nyumba ya mayi wina wamasiye wa zaka za m'ma 70. Kwawoko mwana amaitana nkhalamba ndi dzina lake lenileni popanda wodabwa, koma ine lilime lidakana. Ndinkangoti "mayi", ndipo iwo adazolowera. Nyengo yozizira yonse ankandiitana kuti tikayende, ine n'kumanamizira mabuku. Koma nyengo yawo yotentha itafika, tsiku lina tikumwa khofi adandiuza kuti, "Julaye akamatha ndikupita kwawo kwa agogo anga ku Nærøyfjord. Sindikudziwa ngati mawondo angawa adzalolenso chaka chamawa. Tiye ukandinyamulire chikwama."

Ndidavomera asanamalize n'komwe. Mawu onga amenewo ndidali nditawamvapo kale kuchokera pakamwa pena, ndipo nthawi imeneyo ndidakana. Nkhani yake ndiinena kutsogoloku.

Tidakwera sitima yapamtunda yochokera ku Oslo kupita ku Bergen, n'kutsikira pa siteshoni ya Myrdal, pamwamba pa mapiri, mamita 866 kuchokera pamene pali nyanja. Pamenepo tidakwera sitima ina yaing'ono imene imatsetsereka makilomita 20 okha koma n'kukafika m'mphepete mwa madzi, pa mudzi wa Flåm. Ku Flåm tidalowa m'boti.

Kwa amene simudaonepo, chimene eni ake amati fjord ndi mkono wa nyanja yamchere umene udalowa kumtunda pakati pa mapiri. Odziwa za miyala amati zigwa zimenezi zidakumbidwa ndi ayezi. Kalekale dziko lonselo lidakutidwa ndi madzi oundana okhuthala zedi, amene ankasuntha pang'onopang'ono kulowera kunyanja, akupala thanthwe monga mpeni upalira chinangwa. Ayeziyo atasungunuka, zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, nyanja idalowa m'zigwazo. Yaikulu kuposa zonse m'dzikomo ndi Sognefjord, yotalika makilomita oposa 200, ndipo pena ndi yakuya mamita 1,300, pafupifupi kuwirikiza kawiri kuya kwa Nyanja ya Malawi. Nærøyfjord ndi kamphanda kake chabe, kosakwana makilomita 20, koma n'kopapatiza kwambiri moti pamalo ena kuchokera tsidya lino kukafika tsidya linalo ndi mamita 250, ngati mabwalo a mpira awiri ndi theka. Mbali zonse ziwiri mapiri amangochoka m'madzi n'kuima njo, mamita oposa 1,000, nkhalango itamatirira m'chiuno mwake, mathithi akugwa paliponse. Boma la Norway lidaika derali m'gulu la malo otetezedwa mu 2002, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO lidalilemba, pamodzi ndi Geirangerfjord, pa mndandanda wa malo amene ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi.

Alendo onse m'botimo adali kalikiliki kujambula. Mayi aja sadatulutse kamera. Titadutsa kamudzi ka Undredal, kotchuka ndi tchizi cha mkaka wa mbuzi, adandikodola n'kuloza m'mwamba. Ndidakweza mutu mpaka khosi kuwawa, ndipo pa kashelefu ka thanthwe, pamalo poti ngakhale nyani angaganize kawiri, ndidaona tinyumba.

"Pamenepo ndi pa Stigen," adatero. "Anthu adalima pamenepo, adabereka ana pamenepo. Amati panjira yake padali malo ena oti munthu sangadutse popanda makwerero, ndiye akaona boti la wokhometsa msonkho likubwera, ankangokoka makwererowo."

Kaya n'zoona kaya ndi nthano, ine ndidaseka mpaka anthu kutembenuka. Ndidawafotokozera mayiwo kuti atsamunda atabweretsa msonkho wa nyumba kwathu, m'zaka za m'ma 1890, makolo athu nawonso ankathawira kuphiri akamva kuti amesenjala ali m'njira. Mpaka nthawi imeneyo ndinkayesa kuti dziko lija lidabadwa lolemera. Sindidaganizepo kuti munthu wokamanga nyumba pa thanthwe lotere ndiye kuti malo abwino onse atha, ndipo iye alibe kolowera.

Boti lidakhota n'kulowa mu Nærøyfjord mwenimwenimo, n'kukatisiya ku Gudvangen, kumene madzi amathera. Kuchokera pamenepo tidabwerera m'mphepete mwa madzi makilomita ochepa mpaka pa Bakka, kamudzi ka nyumba zowerengeka ndi katchalitchi koyera komangidwa mu 1859. Tidagona pamenepo, ngati kumeneko kungatchedwe kugona, pakuti mdima sudagwe mpaka cha m'ma 11 koloko, ndipo usanatembenuke kawiri kunja kwayera kale. Mayi adandiuza kuti ngongole yake imabwezedwa nyengo yozizira, pamene midzi ina ya m'tsinde mwa mapiriwa imatha miyezi osaliona dzuwa, chifukwa limayenda m'munsi kwambiri ndipo mapiri amalitchinga.

M'mawa mwake tidayamba kukwera njira yotchedwa Rimstigen, imene imayambira pafupi ndi Bakka, m'mphepete mwenimweni mwa madzi, n'kukwera mamita oposa 700. Ilibe chifundo njira imeneyi. Siyamba ndi moni, imangoyamba ndi chitunda. Imakhotera uku, n'kukhotera uko, pakati pa mitengo ya makungwa oyera imene eni ake amati bjørk, pamiyala yokutidwa ndi ndere, ndipo ukayang'ana kumbuyo umaona madzi obiriwira ali pansi pa zidendene zako. Pasanathe mphindi 20 malaya anga adali atanyowa, mtima ukugunda m'makutu. Ine amene ndili mwana ndinkathamanga ndi thumba la mgaiwa pamutu, zaka za pampando wa galimoto ndi wa muofesi zidali zitandidya miyendo. Mayi a zaka za m'ma 70 aja ankayenda patsogolo ndi ndodo zawo ziwiri, pang'onopang'ono koma osaima, ndipo akafika pokhota ankandidikira akunamizira kuyang'ana maluwa kuti ndisachite manyazi.

Pamene ndidayamba kupezako mpweya m'pamene ndidayambanso kuona. Njirayo sidali ya mapazi okha. Pamalo otsetsereka padali miyala ikuluikulu yoyalidwa ngati masitepe, ndipo m'mbali mwa phompho wina adamanga khoma la miyala popanda simenti kuti njira isagumuke. Ndidafunsa ngati boma lidamanga zimenezi chifukwa cha alendo.

"Alendo ati?" adatero mayi. "Imeneyi ndi njira ya ng'ombe ndi mbuzi."

Adakhala pamwala n'kundifotokozera. M'munsi muja malo athyathyathya ndi ochepa kwambiri, ndipo udzu wonse womera pamenepo unkayenera kumwetedwa ndi kuumitsidwa kuti ziweto zidye m'miyezi ya chipale, pamene zimatsekeredwa m'khola. Choncho nyengo yotentha ikafika, ziweto ankazikweza kuphiri kumene kuli msipu, ndipo amene ankapita nazo adali amayi ndi atsikana. Kumeneko ankakhala m'tinyumba ta miyala ndi matabwa, akukama mkaka m'mawa ndi madzulo, akupanga batala ndi tchizi, ndipo zonsezo zinkatsika pamsana pa munthu kapena pa kavalo, pa njira zonga yomwe tidakhalapoyo. Agogo awo aakazi adayamba ntchito imeneyi ali kamtsikana. Adandiuzanso za mitengo ina ya m'chigwa imene ndidaiona dzulo lake, yonenepa thunthu koma yodulidwa mutu, nthambi zambirimbiri zitaphukira pamodzi. Imeneyo ankaisadza zaka zingapo zilizonse, masamba ake n'kuwaumitsa kuti akhale chakudya cha ziweto udzu ukatha. Ndipo pamalo ena, adatero, ukayang'anitsitsa umaona waya wadzimbiri wochokera kuphiri kutsikira kumudzi, umene ankatsetserezapo mitolo ya udzu womwetedwa m'malo oti munthu sangatsike nawo pamsana.

Nkhalango imene ine ndinkaiyesa yachilengedwe, yosakhudzidwa ndi munthu, idali munda wa anthu osauka. Ndipo mitengo yambiri imene inkatipatsa mthunziyo idamera anthuwo atachoka, mbuzi zitachepa.

Tidafika pamwamba patatha maola atatu, ngakhale achinyamata amakwera maola awiri. Sindiyesa kukufotokozerani zimene maso adaona, poti zithunzi zake zili ponseponse. Ndingonena kuti boti lalikulu la alendo limene linkadutsa pansipo linkaoneka ngati khoko la mtedza, ndipo tsidya linalo, pamwamba pa mapiri, padali zigamba za chipale chosasungunuka ngakhale udali mwezi wotentha. Tidadya buledi wopaka batala ndi tchizi chawo chabulauni chotsekemera chija, tidamwa khofi wa m'fulasiki, ndipo ndidatola tizipatso takuda tomera pansi, tonga nthudza zazing'ono, mpaka milomo kuda.

"Agogo anu ankakonda malo ano?" ndidafunsa.

Adaseka. "Agogo anga atakwatiwa kutauni sadakwerenso phiri mpaka imfa. Ankati wokwera phiri popanda ng'ombe ndi wamisala."

Iii, ndidatsala pang'ono kutsamwa ndi buledi. Mawu a amayi anga enieni!

Kenaka adandiuza za alongo awo a agogowo. Munda unkapita kwa mwana wamwamuna woyamba, ndipo otsalawo adalibe pogwira. Awiri adakwera sitima yapamadzi kupita ku America, ndipo mmodzi yekha ndiye ankalemba makalata. Sadali okha. Pakati pa 1825 ndi 1925 anthu pafupifupi 800,000 adachoka ku Norway kupita ku America, ndipo midzi ya m'mbali mwa Sognefjord idali m'gulu la imene idataya ana ambiri. Ine ndidati, mayi, amenewo kwathu timawatcha matchona. Ndidawauza za agogo anga aamuna amene adayenda wapansi kuchokera ku Dedza, kudutsa dziko la Apwitikizi, kuwoloka Zambezi cha ku Tete mpaka kukafika ku Salisbury, kumene lero timati Harare, kukafuna ndalama ya msonkho ndi bulangete. Iwo adabwerako. Mng'ono wawo sadabwere.

Tidakhala chete kanthawi, nkhalamba ya ku Norway ndi mwana wa ku Dedza, aliyense akuwerenga anthu ake.

Pobwerera ndidafunsa za chilembo cha T chofiira chimene ndidachiona chitapakidwa pamiyala. Chimenechi ndi chizindikiro cha bungwe la oyenda m'mapiri la Den Norske Turistforening, limene lidakhazikitsidwa mu 1868, ndipo mmodzi mwa olikhazikitsa adali mwini banki wa mumzinda, Thomas Heftye. Lero bungweli lili ndi nyumba zogona alendo zoposa 500 m'mapiri ndi m'nkhalango, zambiri mwa izo zopanda mlonda, zoti mlendo amalowa, m'zina kudya za m'nkhokwe, n'kulipira yekha mwa chikumbumtima chake. Koma taonani chaka chimenecho, 1868. Pa nthawi yomwe alimi ankatsika m'mapiri ndi mabokosi awo kuthawa umphawi, mabwana a m'tauni ndiye ankayamba kukwera mapiri omwewo kukapitidwa mphepo. Maganizo anga aja sadali olakwika kwenikweni. Kuyenda kongosangalala kudayamba ndi okhuta.

Chokhacho n'chakuti okhutawo sadaiwale njira za anjala. Zilembo zofiira zija amapaka ndi anthu ongodzipereka, osalipidwa. Amanyamula chitini cha penti ndi chikwanje, n'kumapaka pamene pafufutika, kudula nthambi zotchinga, kukonza milu ya miyala yolozera njira pamene pali nkhungu. Ntchito yotere amaitcha dugnad, ndipo atandifotokozera ndidazindikira kuti ndi dima lathu lomwe lija, kapena kulambula njira ya kumanda amfumu akalamula, kungoti kwawoko kulibe thobwa. Palinso lamulo la mu 1957 limene lidalemba mwambo wawo wakale, wakuti munthu aliyense, ngakhale mlendo ngati ine, ali ndi ufulu woyenda m'thengo ndi m'mapiri, ngakhale malowo ali ndi mwini wake, malinga ngati si munda kapena pabwalo la nyumba. Utha kutola zipatso, utha kumanga tenti n'kugona masiku awiri, bola utalikire mamita 150 kuchokera panyumba ya anthu ndipo usasiye zinyalala. Ndidakumbukira mipanda ya njerwa imene yadula tinjira tachidule m'matauni mwathu, ndi zikwangwani za agalu olusa.

Kutsika kudapweteka kuposa kukwera. Mawondo a mayi adayamba kunjenjemera, ndipo pamasitepe aatali ankagwira phewa langa. Pamalo ena adaima, n'kusisita mwala wa khoma lija ndi chikhatho, osanena kanthu. Sindidafunse.

Usiku umenewo, kunja kukadali mbuu ngati kwacha, tulo tidakana, ndipo nkhani imene ndidailonjeza ija idandibwerera yonse.

Chaka chimene ndidagula galimoto ndidapita kumudzi pa Khirisimasi, nsapato zikuwala. Atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, amene adali mwini mbumba yathu, adandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Muphwa wanga, mawa m'mamawa tikwere phiri. Ndikakuonetse pabwinja pamene padali mudzi wathu tisanatsikire kuno kumsewu, ndiponso pamene padagona amayi awo a agogo ako. Ine mawondo ayamba kukana, ndipo mbumbayi mawa ndi yako."

"Galimoto ikafika, atsibweni?"

"Ikafika bwanji kumene njinga siifika?"

"Ndiye tidzapite ulendo wina, ndikadzabwera ndi nsapato zoyenera."

Adayang'ana nsapato zanga, kenaka adayang'ana mapazi awo ong'aluka zidendene, n'kungoti, "Chabwino, bwana." Sadandiitanepo bwana chiyambire. Adamwalira mvula ya chaka chotsatira isanagwe, ndipo pamaliro pawo galimoto yanga idagwira ntchito yotamandika, kunyamula nkhuni ndi azimayi a kwaya. Aliyense adandiyamika. Palibe adadziwa kuti m'bokosi lija tidaikamonso njira.

Tsiku lachitatu mayi adapempha munthu wa boti laling'ono kuti atiwolotse kupita tsidya linalo, pamalo otchedwa Bleiklindi. Kuchokera pamenepo pali njira ina yotsata gombe makilomita 5 ndi kanthu, mpaka pa Styvi, kamudzi kopanda msewu wa galimoto. Imeneyi ndi yofatsa, yodutsa m'nkhalango yamthunzi, madzi ali kumanzere, thanthwe kumanja. Nayonso sidapangidwire alendo. Makalata adayamba kuyenda pakati pa Bergen ndi likulu, limene panthawiyo linkatchedwa Christiania, mu 1647, ndipo alimi a m'njira ndiwo adapatsidwa udindo wowanyamula, wina kupatsira mnzake. Pa Nærøyfjord ankawanyamula pa boti lopalasa. Koma nyengo yozizira madzi a kumathero kwa fjord amaundana, chifukwa mitsinje imathiramo madzi opanda mchere amene amayandama pamwamba ndipo sachedwa kuuma. Ayeziyo akakhala wolimba moti boti silingadutse, koma wosalimba moti munthu sangapondepo, thumba la makalata linkayenda pamsana, pa njira imeneyi, mumdima, miyala ndi chipale zikugumuka kuchokera kumwamba. Amtengatenga, abale anga, ngati athu aja.

Tikuyenda, ndidawauza mayi nkhani ya atsibweni. Ndinkayembekeza kuti andipepesa, kapena anena kuti si mlandu wanga. Iwo adangofunsa kuti, "Palibe wina wotsala amene adapitako?"

Ndidati mwina alipo gogo mmodzi, msuweni wawo wa amayi.

"Ali ndi zaka zingati?"

Sindidayankhe, ndipo iwo sadafunsenso. Titafika pa Styvi adandigwira dzanja n'kunena mawu amene anthu akumeneko amauzana ulendo ukatha, takk for turen, ndiye kuti zikomo chifukwa cha ulendowu. Chaka chotsatira mawondo aja sadalole ndithu.

Nditabwerera kumudzi ndidadikira mwezi wa Seputembala, tchire litapsa. Ndidakapempha chilolezo kwa amfumu, poti kumanda sikupitidwa mwachisawawa. Gogo uja adali moyo, koma kuyenda ayi. Adakhala pamkeka n'kutilongosolera ndi chala m'mwamba: mukawoloka khwawa mutsate kumanja, mukapeza mwala wonga chulu, pamenepo padali mkuyu waukulu, mukhotere kuphiri. Ndidatenga anyamata awiri oweta mbuzi. Galimoto ndidaisiya pasukulu.

Khwawa tidalipeza, mwala tidaupeza. Mkuyu padalibe, ngakhale chitsa. Mbali yonse ya phiri imene gogo ankaikumbukira ngati nkhalango idali mizere ya chimanga ndi maenje akuda a makala, ndipo njira idali italimidwa kalekale. Sindikuloza chala munthu, poti makala amenewo ndi omwe ndimaphikira kutauni magetsi akazima. Ku Norway njira zinkafuna kufa chifukwa anthu adachoka ndipo mitengo idabwerera. Kwathu idafa chifukwa anthu tidachuluka ndipo mitengo idatha. Tidasochera kawiri. Dzuwa lili paliwombo mnyamata mmodzi adaona mzere wa nkhadze, ndipo nkhadze siimera yokha mumzere. Pafupi pake tidapeza mapale ndi mphero yosweka pakati. Chapatali pang'ono padali kankhalango kamodzi kokha kobiriwira paphiri lonselo, mitengo yake italiitali, yosakhudzidwa ndi nkhwangwa. Amenewo adali manda.

Ndidaima m'mphepete, chipewa m'manja. Mudzi ndidaupeza, manda ndidawapeza, koma kuti mwa mitumbira yofufutika ija wathu ndi uti, amene ankadziwa ndi amene ndidamuuza kuti tidzapite ulendo wina. Zimenezo sizidzabweranso.

Pobwerera tidaunjika miyala pokhota paliponse, anyamata aja akuseka kuti abwana a kutauni apenga. Madzulo amayi adandiyang'ana ndikuviika mapazi m'beseni, matuza ali mbwee, ndipo adati, "Inu mukuyenda chifukwa mwakhuta. Ine mawa ndili ndi ulendo wa kuchigayo." Adanena zoona, ndipo m'mawa mwake ndidawanyamula pagalimoto, iwo ndi matumba awo ndi a anzawo atatu. Sindidzauza munthu wosenza chimanga kuti kuyenda wapansi n'kokoma. Ndikunena ndi ife a m'tauni, amene tidapulumuka ku mtolo, kuti pothawa mtolowo tidataya ndi njira yomwe, pamene anzathu aja adatula mtolo koma njira adaisunga, n'kumaipaka penti chaka ndi chaka. Njira ilibe mwini wina koma phazi. Zaka zitatu zokha osapondapo, khasu kapena tchire zatenga.

Tsopano atsibweni ndine. Chaka chilichonse tchire likapsa ndimatenga ana a mlongo wanga, amene adabadwira ku Lilongwe ndipo amadziwa mayina a osewera mpira a ku England kuposa mayina a mitengo, n'kupita nawo kuphiri. Milu ina ya miyala timaipeza itagumulidwa ndi olima, timaunjikanso. Ulendo woyamba, wamng'ono pa onse, ataona kuti galimoto tikuisiya pasukulu, adandigwira malaya.

"Atsibweni, kodi kumeneko tikukatani?"

"Tikukayenda."

Adayang'ana mkulu wake, mkulu wakeyo adayang'ana kumbali. Ndidawauza kuti amange zingwe za nsapato, ndipo tidawoloka khwawa n'kutsata kumanja.